Kulumikiza zogwirira zotenthetsa ndi jekete yamagetsi pa sikuta m'nyengo ya chiperoni

Kuyambira kumapeto kwa Meyi mpaka mu Ogasiti, munthu woyenda pa njinga yamoto m'bandakucha pakati pa Bvumbwe, Thyolo boma, Luchenza ndi Chitakale safuna kuchita kuuzidwa zimene chiperoni chimachita ndi zala. Mphepo yachinyezi yochokera mbali ya ku Mozambique ikawomba phiri la Mulanje ndi zitunda za Thyolo imasanduka chifunga ndi mvula yowaza, nthawi zina masiku angapo osaleka. M'mawa wotere kutentha kumatsika kuyandikira madigiri 10, ndipo mukathamanga makilomita 50 kapena 60 pa ola mphepo imachotsa kutentha m'manja msanga kuposa mmene magazi angabwezerere. Zala zikachita dzanzi zimachedwa kufinya buleki, pamene pa sikuta mabuleki onse awiri ali m'manja momwemo. Onyamula mkaka ku Bvumbwe, akabaza oyamba ntchito kusanache, aphunzitsi, alangizi a zaumoyo ndi akapitawo a m'minda ya tiyi onse amakumana nazo, ndipo ine ndimaiona nkhaniyi ngati ya moyo wa munthu pamsewu.

Masiku ano zipangizo zothandiza zayamba kupezeka: zogwirira za pa handulo zokhala ndi waya wotenthetsa mkati, magulovu amagetsi, ndi majekete kapena mavesiti a mawaya. Vuto limabwera pa kulumikiza. Ambiri amangopota mawaya awiri ku batire, amasangalala masiku atatu, tsiku lachinayi sitata ikungoti tche tche tche. Chimene chiyenera kumveka musanagwire chilichonse ndi ichi: batire sipanga magetsi, imangosunga. Opanga magetsi ndi magineto, makoyilo aja ali m'mbali mwa injini, ndipo amapanga pokhapokha injini ikuzungulira. Batire ili ngati mtsuko umene kasupe wamng'ono akudontheramo. Mukamatunga kuposa mmene akudonthera, mtsuko uuma, ngakhale utakula chotani. Ndiye kugula batire yaikulu sikuthetsa vutoli, kumangochedwetsa tsiku lokankha njinga. Kutentha konse kumene mungapeze kuyenera kuchokera pa magetsi otsala, nyali ndi injini zikatenga gawo lawo.

Yambani mwatseka mphepo

Musanawononge magetsi ochepawo, ikani zotchinga manja kutsogolo kwa mahandulo, kapena matumba aja amene amavekedwa pa handulo dzanja n'kulowa mkati. Telala wodziwa kusoka lona akhoza kukusokerani, bola asamagwire zofinyira mabuleki. Valaninso jekete yosalowa mphepo ndi madzi. Zogwirira zamagetsi zimatenthetsa chikhatho chokha, kuseri kwa dzanja kumakhala pamphepo, ndiye popanda chotchinga mumakhala mukuzikweza mpaka kumapeto ulendo wonse. Mukatchinga, theka la mphamvu yake limakwanira, ndipo pa njinga yaing'ono kusiyana kumeneku n'kumene kumapulumutsa batire.

Dziwani mtundu wa magetsi a njinga yanu

Tsegulani kiyi koma osaliza injini, kenako yatsani nyali yakutsogolo. Ikayaka bwinobwino, nyaliyo ikudya ku batire, ndiye kuti magetsi onse a magineto amadutsa mu rekitifaya, kachipangizo kowasandutsa DC, magetsi oyenda mbali imodzi ngati a batire. Ikapanda kuyaka mpaka injini italira, n'kumawala kwambiri mukakweza moto ndi kuzilala mukatsitsa, nyaliyo ikudya magetsi a AC, osinthasintha mbali, ochokera ku magineto mwachindunji. Masikuta ambiri a 50cc mpaka 150cc okhala ndi injini ya mtundu wa GY6, komanso njinga zambiri zotsika mtengo za akabaza, ndi za mtundu wachiwiriwu.

Kusiyanaku n'kwakukulu. Pa njinga ya nyali ya AC, gawo lalikulu la mphamvu ya magineto limapita ku nyali, batire n'kumalandira maampu ochepa chabe, ongokwanira kubwezera zimene sitata, hutala, maindiketa ndi nyali ya buleki zadya. Pa njinga ya DC mphamvu yonse imakumana pamodzi, ndipo nthawi zambiri pamatsala kenakake. Magineto a njinga zing'onozing'ono ambiri amatulutsa mawati ozungulira 100 kapena kupitirira pang'ono injini ikathamanga, pamene masikuta aakulu a 250cc kupita m'mwamba amafika mawati 300 kapena kuposa. Ngati muli ndi buku la njinga yanu, nambala yeniyeni ili momwemo.

Masamu ake ndi ochepa. Mawati (W) mumawapeza pochulukitsa mavoliti (V) ndi maampu (A). Babu lakutsogolo la 35W limakoka pafupifupi 3A pa 12V. Lakumbuyo ndi 5W, koma mukafinya buleki limadya 21W. Maindiketa nthawi zambiri ndi 10W lililonse. Zogwirira zotenthetsa zikakwezedwa mpaka kumapeto zimadya pakati pa 30W ndi 45W zonse ziwiri, magulovu amachepera pang'ono, vesiti yopanda manja imadya 35W mpaka 50W, ndipo jekete yathunthu ya 12V imatha kufika 80W ngakhale 100W. Tsono batire ya sikuta yaing'ono ndi ya 4Ah mpaka 7Ah (Ah ndi maampu kuchulukitsa ndi maola). Ngati mukudya 3A kuposa zimene magineto akubweza, batire ya 6Ah imakhala itatsika theka pakutha kwa ola limodzi, ndipo pamenepo sitata yayamba kale kufooka. Jekete yathunthu pa sikuta ya 125cc, kunena zoona, ndi yoti muiiwale.

Yezani musanagule

Apa ndi pamene ndikufuna mukhalitse, chifukwa ndi pamene ndalama zimapulumukira. Mufunika mita yoyezera magetsi. Ngati mulibe, okonza mawailesi, mafoni kapena masola pa msika wa Luchenza, Limbuli kapena Thyolo boma amakhala nayo. Ikani mitayo pa DC 20V, waya wofiira ku pozitivu ya batire, wakuda ku negetivu.

Yezani koyamba m'mawa, njinga itagona usiku wonse osalizidwa. Batire yodzaza bwino imaonetsa 12.6V mpaka 12.8V. Ikaonetsa 12.2V ili cha pa theka. Ikatsika kufika 12.0V kapena kuchepera, itchajeni kaye, ndipo ikapanda kusunga moto pambuyo potchaja, yatha ntchito. Ngati batire yanu ndi ya madzi, onani kuti madzi ali pakati pa mizere iwiri ija, n'kuwonjezera madzi a batire okhaokha, osati asidi kapena madzi a pampopi. Yang'ananinso mitu ya batire. Chinyezi cha kuno chimabweretsa zoyera kapena zobiriwira pa mitu, ndipo zimenezo zokha zikhoza kukunamizani kuti magineto ndi ofooka.

Kachiwiri, imikani sikuta pa sitandi yapakati kuti tayala lakumbuyo lichoke pansi. Pa sikuta tayala limayamba kuzungulira lokha mukangokweza moto, choncho ana ndi nsalu zikhale kutali. Lizani injini, itenthe kwa mphindi zingapo, yatsani nyali yakutsogolo monga muchitira pamsewu, ndipo werengani mita injini ikungolira payokha. Kenako kwezani moto kufika pamene mumayendera pamsewu wabwino, muugwire pomwepo osasuntha, n'kuwerenganso. Njinga yotchaja bwino imaonetsa pakati pa 13.5V ndi 14.5V. Ikalephera kudutsa 13V musanawonjezere chilichonse, pali vuto la magineto, rekitifaya kapena zolumikizira, ndipo likonzedwe kaye. Ikapitirira 15V, rekitifaya yawonongeka, ikuwiritsa batire, ndipo idzawotchanso kabokosi koyendetsera zotenthetsa zanu.

Kachitatu, yerekezani katundu amene mukufuna kuwonjezera. Simufunika kugula chotenthetsa kuti mudziwe ngati njinga ichikwanitsa, chifukwa babu limadya magetsi chimodzimodzi. Tengani babu lakutsogolo la 35W, kapena mababu awiri a 21W kuti akhale 42W, mulumikize ku batire ndi mawaya awiri, pa waya wa pozitivu pakhale fyuzi. Babulo limatentha msanga, musaligwire ndipo musaligoneke pa pulasitiki kapena pa mpando. Nyali ya njinga ili chiyakire, kwezaninso moto ngati poyamba paja ndipo dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu mukuyang'ana mita. Nambala ikakhazikika pa 13.3V kapena kuposa, njinga ikwanitsa katundu ameneyo. Ikamazungulira pa 12.9V kapena 13.0V, muli m'malire: zotenthetsazo muziziyatsa pa mphamvu yochepa, pamsewu wothamanga pokha. Ikatsika kufika 12.6V n'kumapitirirabe kutsika pang'onopang'ono, ndiye kuti mukudya batire. Chotsani babu limodzi, mutsale ndi 21W, muyesenso. Pamene nambala yasiya kutsika ndi pamene pali malire a njinga yanu, ndipo nambala imeneyo ya mawati ndi imene mupite nayo kogula.

Onaninso zimene mita ikunena mukasiya moto, injini ikungolira njinga itaima, babu loyeseralo lili chiyakire. Pafupifupi njinga zonse zing'onozing'ono zimatsika pansi pa 12.6V pamenepo. Si vuto, koma muzikumbukira mukaima pa siteji.

Ngati mwapereweredwa pang'ono ndipo njinga yanu ndi ya DC, mukhoza kupeza mawati ena posintha mababu kukhala a LED. Babu la LED lakutsogolo nthawi zambiri limadya theka la zimene la 35W limadya, ndipo lakumbuyo ndi timababu ta pa sipidomita timatsika kwambiri. Pa njinga ya AC musayembekezere zambiri, chifukwa zimene mwapulumutsa ku nyali sizipita zonse ku batire, komanso LED yosapangidwira AC imaphethira kapena kupsa. Chimene sindingavomereze n'kuzimitsa nyali yakutsogolo kuti manja atenthe. M'chifunga cha pakati pa Bvumbwe ndi Thyolo kapena m'makhotolo opita ku Masambanjati ndi Thekerani, nyaliyo ndi imene woyendetsa lole ya tiyi amakuonerani.

Mita ikasonyeza kuti palibe chotsala, njira ina ilipo: vesiti ya 5V yoyendera power bank. Imadya pafupifupi 10W, mumaitchaja kunyumba kapena pa sola, ndipo siikhudza njinga m'pang'ono pomwe.

Pogula, werengani mavoliti

Pa njinga yaing'ono ndingasankhe zogwirira zotenthetsa m'malo mwa magulovu, chifukwa zimakhala pa njinga nthawi zonse, palibe mawaya olendewera m'mikono, ndipo simungaziiwale kunyumba. Mahandulo a masikuta ndi njinga zambiri za kuno ndi a mamilimita 22, choncho gulani za saizi imeneyo. Zikhale ndi kabokosi kosinthira kutentha. Za swichi yongoyatsa ndi kuzimitsa zimadya mphamvu yonse nthawi zonse.

Chenjerani ndi zovala za mawaya zopezeka pa kaunjika. Zambiri zinapangidwira kabatire kake ka 7.4V kapena power bank ya 5V, osati 12V. Mavoliti akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Chovala cha 7.4V mukachilumikiza ku njinga imene ikutchaja pa 14V chimatentha kuposa katatu ndi theka mmene chinapangidwira, cha 5V pafupifupi kasanu ndi katatu. Chikhoza kusungunula nsalu muli pa liwiro. Popanda chizindikiro cholembedwa 12V, musachilumikize. Musayesenso kupanga zanu ndi waya wa hotipuleti kapena wa ayironi, poti wayawo sunakutidwe ndipo mulibe choletsa kutentha kupitirira.

Kuwonjezera pa chotenthetsacho mufunika rileyi (swichi yoyatsidwa ndi magetsi) ya 12V ya mapini anayi ngati ya hutala ya galimoto, chosungira fyuzi chokhala ndi chivindikiro, fyuzi, mamita awiri kapena atatu a waya wa galimoto wa 1.5 mm² wofiira ndi wakuda, timphete tomangira pa mitu ya batire, zolumikizira za mapini a rileyi, tepi yamagetsi, ndi timalamba tapulasitiki tomangira mawaya. Zonsezi zimapezeka m'masitolo a zida za galimoto ku Limbe. Waya wa sipika kapena wa nyali za sola ndi wowonda ndipo chikopa chake sichipirira kutentha ndi kugwedezeka. Fyuzi ikhale yoposa pang'ono maampu a chotenthetsa: ya 5A pa zogwirira zodya 3A kapena 4A, ya 7.5A ngati pali zogwirira ndi magulovu pa njinga imene ingakwanitse. Kamita kakang'ono koonetsa mavoliti ka pa handulo n'kotsika mtengo, ndipo ndikanakonda aliyense akanakaika.

Kulumikiza

Chifukwa chake pafunika rileyi ndi ichi. Mukalumikiza chotenthetsa ku batire mwachindunji, tsiku limene mwaiwala kuzimitsa, batire itha njinga ili poimikidwa. Mukachilumikiza ku waya wa kiyi, maampu onse amadutsa mu swichi ya kiyi ndi timawaya towonda timene sitinapangidwire katundu wotere, ndipo fyuzi yaikulu ya njinga ikapsa mumataya hutala, maindiketa, mwinanso injini. Rileyi imatenga moto waukulu ku batire, koma imatsegula pokhapokha kiyi watsegulidwa, ndipo payokha imakoka kochepera 0.2A ku waya wa kiyi.

Yambani n'kupeza waya woyaka ndi kiyi, batire idakali yolumikizidwa. Pa masikuta a GY6 ndi njinga zambiri zotengera kalumikizidwe ka Honda, wofiira ndi wa pozitivu ya batire, wakuda ndi woyaka ndi kiyi, wobiriwira ndi wa ethi (negetivu), ndipo wachikasu ndi woyera amachokera ku magineto. Njinga za makampani ena zili ndi mitundu yawo, komanso njinga imene yadutsa m'manja mwa amakaniko angapo mitundu yake siidalirika. Mita ndiyo iweruze. Waya woyenera amaonetsa 0V kiyi atatsekedwa, ndi 12V kiyi atatsegulidwa injini isanalire. Malo osavuta kumupeza ndi pa swichi ya buleki kapena pa hutala. Musatenge pa waya wa nyali yakutsogolo kapena yakumbuyo ngati njinga ndi ya AC, chifukwa rileyi idzangolira ngati njuchi osagwira bwino. Pali wina wakuda wa mzere woyera wopita ku CDI (kabokosi kopereka moto ku pulagi ya injini), wozimitsira injini. Ameneyo musamukhudze.

Mukamupeza, tsekani kiyi, chotsani waya wa negetivu ku batire poyamba, kenako wa pozitivu. Mukayamba ndi pozitivu, sipanala ikakhudza chitsulo cha njinga imathetheka.

Tsopano yang'anani pansi pa rileyi, pali manambala. Pini 30 imalandira waya wofiira wochokera ku pozitivu ya batire, ndipo fyuzi ikhale pa waya ameneyu pafupi kwambiri ndi batire, osapitirira masentimita 15. Fyuzi imateteza waya amene ali kutsogolo kwake kokha, ndiye mukaiika kutali, chigawo chonse cha pakati pa batire ndi fyuzi chikakhuzika pa chitsulo chimayaka moto, ndipo pa sikuta thanki ya petulo siili kutali. Pini 87 imapita ku waya wa pozitivu wa kabokosi ka chotenthetsa. Pini 86 imapita ku waya woyaka ndi kiyi uja. Pini 85 imapita ku negetivu ya batire. Ngati mwapeza rileyi ya mapini asanu, pini yapakati yolembedwa 87a isiyeni ndipo muikute, chifukwa imakhala ndi moto kiyi akatsekedwa.

Waya wa negetivu wa chotenthetsa mubwerere naye mpaka ku batire. Musamumange pa handulo poganiza kuti chitsulo chilichonse ndi ethi, chifukwa handulo imakumana ndi fulemu kudzera m'magolo a girisi a pakhosi, ndipo magetsi amadutsa modukizaduka.

Polumikiza ku waya wa kiyi, sendani chikopa pang'ono osadula waya, kulungani watsopanoyo, wotcherani ndi mtovu, kenako kutani bwino. Kungopota ndi zala n'kuika tepi kumagwira m'chilimwe, koma chinyezi cha Juni chikalowa, mkuwa umachita dzimbiri lobiriwira, pamalopo pamayamba kutentha, ndipo chotenthetsa chimafooka popanda chifukwa chooneka. Rileyi muimange mapini atayang'ana pansi kuti madzi asadikhe mkati. Pa masikuta amene batire ili pansi popondera mapazi, kabokosiko kamalowa madzi, choncho rileyi ndi fyuzi zikwezeni chakumtunda, kuseri kwa pulasitiki yakutsogolo kapena pansi pa mpando.

Poyendetsa mawaya tsatirani mtolo wa mawaya a njinga, mumange ndi timalamba pa masentimita 15 kapena 20 alionse. Atalikire ekizozi. Pa sikuta injini imakwera ndi kutsika pamodzi ndi tayala lakumbuyo, ndiye musamange waya pa injini kapena kumudutsitsa pamene ingamupane. Pakhosi pa njinga siyani mpata, kenako khotetsani mahandulo mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, muone kuti palibe waya akukokeka kapena kupanidwa.

Kuveka zogwirira

Chotsani zakale, pukutani handulo ndi petulo pang'ono pa kansalu kuti guluu wakale achoke, muisiye iume. Zogwirira ziwirizo si zofanana: ya bowo lalikulu ndi ya kumanja, chifukwa imavekedwa pa chubu cha pulasitiki chopotokola pokweza moto. Ziyeseni kaye popanda guluu kuti muone pamene waya atulukire. Kumanja, waya asagunde chofinyira buleki moto utatsekedwa kapena utatsegulidwa wonse, ndipo asiyidwe atapindika pang'ono kuti azitsatira dzanja likamapotokola. Ngati chubu chili ndi timizere totukuka toletsa chogwirira kulowa, tipaleni pang'onopang'ono ndi tupa. Musamenye ndi hamala, waya wamkati ndi wosachedwa kuduka. Pakani guluu wochepa, lowetsani msanga, ndipo samalani kuti asadonthere pakati pa chubu ndi handulo.

Guluu akauma, potokolani moto mpaka kumapeto n'kusiya. Uyenera kubwerera wokha nthawi yomweyo. Chitani zimenezi mahandulo ali pakati, atakhotera kumanzere, ndi atakhotera kumanja. Ukachedwa kubwerera ngakhale pang'ono, njingayo isapite pamsewu mpaka mutapeza chimene chikugwira.

Bwezerani mawaya a batire, pozitivu poyamba, negetivu pomaliza, kenako ikani fyuzi. Mukatsegula kiyi mumva rileyi ikuti tha. Tsekani kiyi, chotenthetsa chizime. Lizani injini, yatsani nyali ndi chotenthetsa, mubwereze kuyeza kuja ndi mita. Pakatha mphindi zisanu gwirani fyuzi, mapini a rileyi, ndi cholumikizira cha mawaya ochokera ku magineto. Kufunda pang'ono si vuto, koma potentha moti simungagwire pali cholumikizira chosagwira bwino.

Za magulovu ndi vesiti ya 12V

Kalumikizidwe ndi komweko, kungoti pini 87 imathera pa pulagi yolumikizira chovalacho, yotulukira pansi pa mpando chakumanzere, kutali ndi ekizozi. Pulagiyo ikhale ya mtundu wosolomoka wokha ikakokedwa, kuti mukatsika mwaiwala kapena mukagwa, waya asakukoleni. Ikakhala yosagwiritsidwa ntchito, ivindikireni. Vesiti ivalidwe pamwamba pa malaya opyapyala, jekete yotchinga mphepo ibwere pamwamba pake. Pakhungu penipeni imawotcha, pamwamba pa juzi yokhuthala simva kanthu. Anthu a matenda a shuga ndi ena amene manja kapena mapazi awo samva bwino asamale kwambiri, chifukwa kutentha kochepa kokhalitsa kumatha kuwotcha khungu munthu osazindikira. Chimodzimodzi zala zimene zachita kale dzanzi: yambani ndi mphamvu yochepa.

Ngati sikuta yanu ndi yoyendera magetsi okhaokha, ya 48V, 60V kapena 72V, musatenge 12V pa batire imodzi ya mu mndandanda, mudzaipha msanga kusiyana ndi zinzake. Pamafunika chipangizo chotsitsa mavoliti kufika pa 12V chokwanira maampu a chotenthetsacho, ndipo ntchito imeneyo aigwire wodziwa njinga zoterezi.

Pamsewu

Lizani injini chotenthetsa chili chozima, chifukwa sitata imafuna mphamvu yonse ya batire, makamaka m'mawa wozizira pamene oyilo walimba. Yendani mphindi zingapo kuti batire ibweze zimene sitata yadya, kenako yatsani. Kwezani kwa mphindi zisanu zoyamba, manja akafunda tsitsani. Pa mtunda wautali wothamanga, monga msewu wa Midima kapena kuchokera ku Luchenza kupita ku Mulanje boma ndi ku Muloza, magineto amakhala akupereka zonse zimene angathe. Koma podikira makasitomala pa siteji injini ikulira, poyenda pang'onopang'ono m'matope a m'njira za m'minda ya tiyi, m'chipwirikiti cha tsiku la msika, kapena potsetsereka mtunda wautali moto uli wotseka ndipo nyali ya buleki ya 21W ili chiyakire, batire ndi imene ikulipira. M'malo otere zimitsani kapena tsitsani. Kamita ka pa handulo kakaonetsa pansi pa 12.6V mukuyenda, zimitsani mpaka kakwerenso. Zimitsaninso kutatsala mphindi zisanu kapena khumi kuti mufike, batire igone yodzaza.

Wakabaza wa maulendo afupiafupi, wozimitsa ndi kuliza injini kambirimbiri pa tsiku, agwiritse ntchito kiki ngati njinga ili nayo, ndipo asatchaje mafoni pa nthawi imene chotenthetsa chikuyaka. Pa njinga zimene CDI yake imadya ku batire, komanso za fuel injection (zopopera petulo ndi magetsi m'malo mwa kabureta), batire ikatsika kwambiri injini imayamba kudukiza kapena kuzimiratu, ndipo mwina kiki singathandize.

Zikavuta

Fyuzi ikapsa nthawi yomweyo mwaiika, pali shoti: fufuzani pakhosi pa njinga ndi pamene waya akudutsa pa chitsulo chakuthwa. Musaike fyuzi yaikulu, chingwe cha waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya m'malo mwake. Rileyi ikapanda kulira, yezani pini 86 kiyi atatsegulidwa, ndipo onani ngati pini 85 yafikadi ku negetivu. Ikalira koma osatentha, yezani pini 30 ndi 87, zonse zionetse 12V. Chogwirira chimodzi chikazizira, nthawi zambiri ndi cha kumanja, waya waduka pamene amapindikira. Cha kumanzere chikamafunda mochepera pang'ono poyerekeza ndi cha kumanja, si kuwonongeka: cha kumanzere chakhala pa chitsulo chimene chimamwa kutentha, pamene chinzake chili pa pulasitiki. Tepi yamagetsi yokulungidwa kamodzi kapena kawiri pa handulo musanaveke imachepetsa zimenezi, ngati mpata ulipo. Zogwirira zina zimazima zokha mavoliti akatsika, ndiye zikamazimazima mukaima, yambani mwayeza batire musanaziimbe mlandu. Kukayamba kutentha mu Seputembala, chotsani fyuzi, pakani girisi pang'ono pa mapini a rileyi ndi pa pulagi, ndipo vesiti muipachike osaipinda pamene pali mawaya.